A Makwinja, Woyenda Kumbuyo

Sabata ino pakwana chaka chimwalirireni a Lufeyo Makwinja. Kumpingo andipempha kuti ndilembe kanthu kowakumbukira. Ine si wolemba. Sukulu ndinalekeza sitandade 7, ndipo ntchito yanga ndi kuyendetsa vani. Koma amene anagwira nawo ntchito pafupi ndine, ndiye ndalemba. Ena sakondwa nazo. Izo n'zawo.

Anamwalira m'nyumba mwawo ku Easterhouse, kuno mumzinda wa Glasgow, ali okha, atakhala pampando. Mayi a kunyumba anali atatsogola kale. Anawapeza ndi mzungu wa khomo loyandikana, ataona kuti makatani akhala osatsegula masiku awiri. Pamaliro anthu analankhula zabwino. Mkulu wa mpingo wokhulupirika. Tate wa aMalawi a mu Glasgow. Munthu wosachedwa pa chilichonse. Zonsezo n'zoona. Koma palibe amene anatchula dzina la Tiyamike. Ine ndilitchula.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala. Zala ziwiri za dzanja lamanzere zinali zopindika chifukwa cha nyundo. Kuseka kunali kosowa. Tayi ankavala tsiku lililonse, ngakhale popita kukaphwanya miyala mvula ikugwa. M'thumba la jekete simunkasowa mtedza wokazinga wogula m'mashopu a ku Govanhill, ndipo pogawa ankachita kukuwerengera m'manja.

Ndinawadziwa atakalamba kale, pakampani ina yaing'ono ya ku Partick. Ntchito ya kampaniyo ndi yovuta kufotokozera munthu wa kumudzi. Ankaphunzitsa anthu kutola miyala ngati ali kumwezi kapena ku Mars. Ophunzira ankachokera m'makoleji osiyanasiyana. Amakuveka suti yoyera yolemera, magolovesi okhuthala, ndi chisoti chagalasi chotsekeka. Kumsana chikwama cha batire, m'chisoti kafani kokankha mpweya. Kenako amakusiya pamalo pomwe phiri linaphulika kalekale, pamiyala yakuda yopanda mtengo, kuti uziyenda, uzitola, uzilemba. Ukalankhula pa wayilesi, oyang'anira okhala mutenti amadikira mphindi khumi asanayankhe, poti kumwambako mawu amachedwa kufika.

Tsiku langa loyamba ndinaseka, a Makwinja n'kundimva.

"Jere, mukuseka chiyani?"

"Akulu, munthu wandevu kuvala ndowa kumutu."

"Mundowamo muli munthu. Inu muziyendetsa galimoto."

Ntchito yawo inali kuyenda kumbuyo. Ovala masuti akamayenda awiriawiri, a Makwinja ankatsatira mapazi makumi asanu kumbuyo kwawo, atavala jekete ya olenji, wezulo ali pakhosi. Sankaloledwa kulankhula nawo kapena kuwagwira. Ankayenera kukhala ngati kulibe. Wa musuti akavutika ankakweza manja onse awiri, ndipo zonse zinkaima. A Makwinja nawonso anali ndi mphamvu yoimitsa, akaona okha kuti zinthu sizili bwino. Ankangoimba wezulo. Koma wezulo akalira, ulendo wa tsikulo unkalembedwa kuti sunathe.

Pantchito anali wovuta. Nyundo ankaziwerenga potuluka ndi polowa. Tsiku lina tinabwerera kuchokera pafupi ndi Partick mpaka kumapiri a Campsie chifukwa cha chizulo chimodzi chosemera miyala. Tinachipeza mu udzu. Panjira yobwerera ine ndinkangotukwana chamumtima. Ophunzira ankawaletsa kunyamula mwala asanaujambule ndi kuupatsa nambala. Ankanena kuti mwala ukachoka pamalo pake popanda nambala wasanduka wothira mumsewu, sungauzenso munthu kanthu. Madokotala a miyala okhala ndi madigiri atatu ankabwera ndi kachidutswa m'manja kudzafunsa iwo. Ankakanyambita, n'kukayang'ana kokuwala, n'kutchula dzina lake. Sindinamvepo atalakwitsa.

Ndi ine tinkakangana pa chilichonse. Liwiro la vani. Nyimbo za pa wayilesi. Shuga wa mutiyi. Kumpingo anayambana ndi akwaya chifukwa chobwereza kolasi kanayi. Anayambananso ndi makolo a ana obadwira kuno, amene ukawapatsa moni m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi cha m'misewu ya Glasgow. Ankaima pakhomo la tchalitchi n'kumubwereza mwana moni mpaka ayankhe bwino. Ana ankazungulira kukhomo lakumbali.

Koma ukali wonsewo ankasungira ife. Kwa azungu sankatsutsa. Kuntchito ankawaitana kuti Lou, ngakhale tiatsikana ta zaka makumi awiri, ndipo ankavomera. Dzinalo ankadana nalo. Nditawafunsa chifukwa chake sawauza, anandifotokozera mbiri yawo, kamodzi kokha, tikudikira sitima ya pamadzi.

Kwawo kunali ku Phalombe. Anayamba ali mnyamata kunyamula matumba a miyala a azungu ofufuza za pansi pa nthaka m'mapiri a kufupi ndi Chilwa. Anzawo ankadandaula za kulemera, iwo ayi. Mzungu wina anaona zimenezo, ndipo pobwerera kwawo anawatenga. Kuno anakhala zaka makumi atatu m'chipinda chapansi chopanda zenera, akudula miyala ndi kuipala mpaka kuwala kumapyoza. Tsiku limene anaphwanya zala zija anazikulunga ndi kansalu, namaliza ntchito, napita kuchipatala ataweruka. Ankakhulupirira kuti chimene chinawafikitsa kuno ndi chimenecho. Munthu wakuda kudziko la eni, ankatero, amakhalitsa ngati sanatchulepo kuti watopa. Ankanena zimenezi kwa Mmalawi aliyense wobwera kumene. Ambiri ankangovomera mwaulemu n'kuiwala. Tiyamike sanaiwale.

Tiyamike anali mayi wa zaka makumi atatu, wa ku Zomba. Kwathu ankaphunzitsa kusekondale. Anasiya mwana wamkazi kwa amayi ake n'kubwera kuno pa sikolashipu kudzaphunzira za miyala. Lamulungu lake loyamba kumpingo, atatchula zimene amaphunzira, a Makwinja anaimirira. Zaka zonsezo anali asanaonepo Mmalawi wosankha miyala. Onse ankabwera kudzaphunzira unamwino, zamalamulo kapena zamakompyuta. Anamuitanira kunyumba, namuonetsa mabokosi awo onse, namupatsa nyundo yawo yakale ya chigwiriro chamtengo. Iye anailandira ndi manja awiri. Ankawatchula kuti adadi.

Anali woseka. Ngakhale ine ankandiputa.

"A Jere, vani yanuyi mumagulitsiramo anyezi?"

"Ngati ikununkha, yendani wapansi, aphunzitsi."

"Ndiyenda, ndipo ndikafika musanafike."

A Makwinja anali asanapemphepo kanthu kwa abwana athu, mayi wa kuno amene anayambitsa kampaniyo. Koma anapita, chipewa chili m'manja, kukapempha kuti Tiyamike apatsidwe malo pa ulendo waukulu wa ku Iceland. Anapatsidwa. Miyezi iwiri tinkapita naye kumapiri a Campsie, pamalo pomwe ankaphwanya miyala kale, kuti azolowere suti. Ankachita bwino kuposa onse. A Makwinja sanamuyamikire pamaso pake ngakhale kamodzi. Koma m'vani, iye atatsika, ankati, "Mwaona, Jere? Mwaona mmene wagwirira nyundo?"

Ku Iceland ine ndinapita ngati woyendetsa galimoto ndi wonyamula katundu. Malo ngati amenewo sindinawaonepo. Chiphalaphala chinatuluka m'phiri, n'kuyenderera, n'kuuma, ndipo chinangokhala choncho, chakuda mpaka kumene maso alekezera. Miyala yake ndi yakuthwa ngati mabotolo osweka, nsapato zimatha sabata imodzi. Kwina nthaka imafuka nthunzi yonunkha mazira owola. Pamwamba pa miyala pamamera ndere yofewa yotuwa, ndipo pansi pa ndereyo pamabisala ming'alu. Mbalame kulibe. Mphepo yokha.

Tsiku lachitatu mnyamata wa kuno, dzina lake Callum, anakweza manja chifukwa golovesi inkamutsina chala. Anamuvula, anthu anaseka, abwana anamuyamikira kuti wanena msanga. A Makwinja anangoyang'ana kumbali.

Tsiku lachinayi inali nthawi ya Tiyamike, pamodzi ndi Callum yemweyo. M'mawa, kunja kwa tenti, ine ndinkamumanga malamba a chikwama kumsana. A Makwinja anabwera ndi chisoti. Asanamuveke analankhula m'Chichewa, motsitsa mawu.

"Mwanangu, munaona za dzulo zija?"

"Ndinaona, adadi."

"Uyo akadandaula amati ndi wosamala. Inu mukadandaula adzati aMalawi sangathe, ndipo sadzatenganso wina. Mwamva?"

"Ndamva."

"Kaya kutentha, kaya mutu, limbani. Manja musakweze. Musatichititse manyazi."

Tiyamike anapinda bondo pang'ono, m'suti momwemo, ngati ali kwawo.

"Sindikuchititsani manyazi, adadi."

Ine ndinamva zonse. Ndinamangitsa lamba womaliza n'kumumenya paphewa kuti apite.

Anayenera kuyenda maola awiri mpaka pa mbendera yofiira imene tinaizika dzulo lake. Ine ndinkayenda pambali pa a Makwinja ndi chikwama cha madzi ndi mankhwala. Ola loyamba zonse zinali bwino. Kenako ndinaona Tiyamike akugogoda chisoti ndi golovesi. Anaima, nayendanso. Mapazi anayamba kumwazika ngati a munthu wochokera ku mowa. Callum anali patsogolo, atawerama pamwala, osaona kanthu. Tiyamike atatembenuka pang'ono ndinaona kuti galasi la chisoti layera ndi nthunzi.

"Akulu, mwana uja sakuyenda bwino."

"Ndi miyala."

"Galasi layera. Imbani wezulo."

Anatenga wezulo n'kumuika pakamwa. Sanaimbe. Anamuchotsa.

"Akafuna akweza manja yekha."

"Mwamuuza kuti asakweze."

Anandiyang'ana. Nkhope imeneyo ndimaionabe. Sinali yaukali. Inali ya munthu wamantha.

"Mbendera ndi iyo, Jere. Watsala pang'ono. Ndikaimba pano alemba kuti walephera."

Anayang'ana wotchi. Tinayendabe, mapazi makumi asanu kumbuyo. Pambuyo pake anandiuza kuti zinali mphindi zisanu ndi ziwiri. Anaziwerenga, monga ankawerengera chilichonse.

Tiyamike anapatuka panjira imene tinagwirizana, naponda pa ndere. Ndere inatseguka. Tinangoona choyera chija chasowa. Kukuwa sitinamve chifukwa cha chisoti. Apo m'pamene wezulo analira.

Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri anathamanga pamiyala ija kundiposa. Anagwa kawiri, zikhatho zinang'ambika. Mng'aluwo unali wakuya ngati anthu awiri atasanjikizana. Anatsetsereka okha osadikira chingwe. Ine ndili pamwamba ndinawaona akumasula chisoti ndi manja a magazi. Milomo ya Tiyamike inali yotuwa, ndipo anali atasanza. Atakoka mpweya kangapo anatsegula maso.

"Pepani, adadi."

"Khalani chete, mwanangu. Gwedezani mapazi."

"Ndikugwedeza."

Mapazi sankagwedezeka.

Helikopita inabwera patapita nthawi. Madzulo akatswiri anatsegula chikwama n'kupeza kuti kawaya ka fani kanaduka. Fani inaima atangoyenda theka la ola. Kuchokera pamenepo ankapuma mpweya wake womwe.

Titabwerera ku Glasgow kunali kafukufuku. Anthu atatu a masuti akuda anakhala kuseri kwa tebulo n'kumatiitana mmodzimmodzi. A Makwinja ananena kuti sanaone manja atakwezedwa. Sizinali zabodza. Tiyamike anamufunsira kuchipatala, ndipo anangoti ankaganiza kuti amaliza. Sanatchule za a Makwinja. Lipoti linatuluka likunena kuti wophunzirayo anabisa vuto la chipangizo, mosemphana ndi malamulo amene anasainira, ndipo woyenda kumbuyo anatsatira ndondomeko. Sikolashipu inatha. Viza inatha.

Anakhala m'chipatala miyezi isanu. A Makwinja ankapita Lamulungu lililonse ndi malalanje, n'kumuwerengera Masalimo. Iye ankamvetsera atayang'ana kukhoma. Za m'mawa uja sanazikambe, onse awiri. Anapita kwawo pa njinga ya olumala. Ndinamuperekeza ndine ku bwalo la ndege pa vani. Sanatchule za anyezi. Nyundo ija anaisiya pampando wakumbuyo, ndipo sindikudziwa ngati anaiwala.

Mkangano wathu waukulu unachitika tsiku lomwelo, ine ndi a Makwinja tili m'vani pamalo oimika galimoto, mvula ikuwomba pagalasi.

"Akulu, mukanene."

"Ndikanene chiyani?"

"Zimene munamuuza."

"Ndinamuuza zimene ndikanauza mwana wobala ndekha."

"Mwana wanuyo wapita pa njinga."

"Jere, zaka makumi anayi m'dziko lino dzina langa lilibe banga."

"Lake lili nalo. Mwamupaka ndinu."

Kenako anafunsa, osakweza mawu.

"Inu anakuitananinso anthu a kafukufuku aja. Anakufunsani ngati munaona china. Munati chiyani?"

Ndinati sindinaone kanthu. Ndi zimene ndinawayankha anthu aja, ndipo a Makwinja ankadziwa. Anatsegula chitseko n'kutsika. Anayenda pamvula mpaka pokwerera basi, tayi ikuuluka. Sindinawatsatire.

Chaka chomwecho anapuma pantchito. Kampani inawapatsa wotchi yapakhoma ndi khadi losainidwa ndi onse, lolembedwa kuti kwa Lou. Zaka ziwiri ine ndi iwo tinkangopatsana moni wa pakhomo la tchalitchi. Anachepa thupi. Anasiya kuvutitsa ana za moni. Mnyamata wina wobwera kumene atawapempha malangizo a mmene angakhalire kuno, anamuuza kuti agule jekete yabwino, basi.

Loweruka lina masana ndinamva kugogoda. Anali a Makwinja, atakwera masitepe mpaka pansanjika yachitatu pomwe ndimakhala ku Govanhill, akupuma movutika. Mpando anakana. Anatulutsa kalata yochokera ku Zomba n'kundipatsa kuti ndiwerenge. Inali yaifupi. Tiyamike anali atapempha malo kukoleji ina kuti amalize maphunziro ake atakhala pansi, pa makina oonera miyala, ntchito yosafuna miyendo. Anamukana. Akukolejiwo anali atafunsa kuno, ndipo lipoti lija linamutsatira. Sangalandire munthu wobisa zoopsa. Pamapeto analemba kuti, "Adadi, sindikukuimbani mlandu. Ndikungopempha kuti munene zimene munanena."

A Makwinja anatulutsanso envulopu. Munali masamba anayi olemba pamanja m'Chingerezi. Analembamo zonse. Mawu a kunja kwa tenti. Galasi loyera. Mphindi zisanu ndi ziwiri.

"Ndapita kale kuofesi," anatero. "Akuti nkhani inatsekedwa. Akuti mwina ndi ukalamba. Koma akuti patakhala mboni yachiwiri ayenera kutumiza kwa aja analemba lipoti. Tinalankhula Chichewa, Jere. Amene anamva ndinu nokha."

Anandilozera pansi pa tsamba lomaliza. Anali atajambula kale mzere ndi lula, n'kulemba dzina langa pansi pake.

Ine ndinali ndikuyendetsabe vani ya kampaniyo. Kusaina kunali kuvomera kuti ndinanamiza kafukufuku. Ndinaganiza za ntchito, ndi za msinkhu wanga, ndi za amene angalembe dalaivala wa sitandade 7 wochotsedwa chifukwa cha bodza.

"Ndiganize kaye, akulu."

Ndinkayembekezera kuti andibwezera mawu anga a m'vani aja. Sanatero. Anapinda mapepala bwinobwino.

"Chabwino. Abwana amakhala muofesi Lachinayi. Ndizikakudikirani kumeneko."

Ndipo ankapitadi. Lachinayi lililonse ankakwera sitima ku Easterhouse, n'kutsika ku Partick, n'kukakhala mukolido ya ofesi kuyambira teni koloko mpaka thwelofu. Tayi pakhosi, envulopu pamaondo. Mtsikana wolandira alendo ankawapangira tiyi. Abwana poyamba ankatuluka kudzawapatsa moni, kenako anayamba kutseka chitseko. Ine Lachinayi ndinkatenga makiyi kudzera kukhomo lakumbuyo. Tsiku lina anandiona pagalasi la chitseko chapakati. Anakweza dzanja limodzi kundipatsa moni. Ndinakweza langa n'kupitirira. Kumpingo sananditchulire nkhaniyo ngakhale kamodzi. Ankangoti, "Mwadzuka bwanji, Jere," n'kundigwira dzanja nthawi yotalikirapo.

Anachita zimenezo miyezi isanu, m'nyengo yozizira, mpaka anamwalira.

Envulopu tinaipeza m'thumba la chikhoti chawo pamene amuna a mpingo tinkalongedza katundu. Ndinasaina pomwepo, pa bokosi la miyala, ndi cholembera chobwereka. Mawa lake ndinaipereka kwa abwana m'manja, kudzera kukhomo lakutsogolo. Anawerenga ataimirira. Anati pepani, Jere, ndipo anaitumizadi.

Yankho linabwera patapita miyezi itatu. Linati wolemba mawuwo anamwalira ndipo sangafunsidwe mafunso. Linati ine ndapereka maumboni awiri otsutsana, choncho onse ndi osadalirika. Lipoti likhala mmene lilili. Ntchito sanandichotse n'komwe. Palibe amene anandikalipira. Lolemba lotsatira anandipatsa makiyi monga mwa masiku onse.

Ndinamuimbira foni Tiyamike kumufotokozera. Ndinamuuza zonse, ndi za khomo lakumbuyo zomwe. Kumbali yake ndinkamva mwana akuwerenga mokweza, ndi nkhuku. Kenako anafunsa.

"Miyezi isanu?"

"Isanu."

"M'chisanu chija, ndi chifuwa chawo chija?"

"Eya."

"Inu munali kuti, a Jere?"

Anadikira pang'ono, kenako anati ali ndi ana oti awaphunzitse pakhonde, ndipo anatsazika mwaulemu. Sitinalankhulanenso.

Amene mukufuna kuwakumbukira ngati mkulu wa mpingo, akumbukireni. Anali. Amene mukuti anali wouma mtima, sindikutsutsani. Ine ndikudziwa kuti anakonda munthu mmodzi wa ntchito yawo kuposa wina aliyense, anamupatsa chokhacho chimene ankakhulupirira kuti chinawapulumutsa iwo, ndipo chinamuthyola msana. Atazindikira anayesa kukonza. Chinasowa ndi dzina limodzi pa mzere.

Mpando umene ankakhalapo Lachinayi ukadalipo mukolido. Ndi wapulasitiki, wabuluu, pakati pa chozimitsira moto ndi chithunzi chachikulu cha mwezi. Pakhoma kumbuyo kwake pali kadontho kakuda kozungulira, pomwe mutu wawo unkatsamira, mafuta a m'tsitsi analowa mu penti. Woyeretsa anayesa kupukuta, kanakana. Mtsikana wa tiyi uja anachoka. Amene alipo tsopano sadziwa kanthu, ndipo pampandopo amaikapo maphukusi obwera ndi positi. Lachinayi m'mawa pamakhala phee, fani ya kudenga yokha ikulira. Ndimadutsapo ndi makiyi m'manja. Sindinakhalepo.